Mita Yakale ya a Goliati

Makina a mpweya anazima Lachinayi m'mawa, a Goliati Nakhumwa akutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba. Sanawaone akuzima, anangomva kuti m'nyumba mwati zii. Kwa chaka ndi miyezi iwiri makinawo ankang'ung'uza ngati njuchi m'mphako mpaka khutu linazolowera. Phokosolo litaleka, anataya kapu ndi madzi omwe n'kuthamangira m'kati.

Akazi awo, a Esinati, anali atakhala tsonga pabedi, timachubu tili m'mphuno, maso ali pa bokosi loyera lomwe linali pakona. Bokosilo linalira katatu, kenako kanyali kofiira kanayaka.

"Magetsi athima?" anafunsa a Esinati, mawu akutuluka modukizadukiza.

"Magetsi alipo, mayi a Lidiya. Musayankhule."

A Esinati anasankha fodya m'shedi zaka makumi awiri ndi zisanu, fumbi lonse lija likulowa m'chifuwa, kenako chifuwa chachikulu chinabwera kudzamaliza zotsala. Mwana wawo Lidiya, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, ndiye anagula makina osefa mpweyawo, pamodzi ndi silinda yaing'ono yosungira tsiku la tsoka. A Goliati anaikoka silindayo pansi pa tebulo, anasamutsira chubu pamenepo, n'kutsegula pang'ono zedi. Ankadziwa kutalika kwake. Ngakhale aiumire bwanji, Lachisanu dzuwa likamapendeka idzakhala itauma.

Nyumba yawo inali m'chigwa, pakati pa Namadzi ndi Magomero, ndipo foni inkagwira pokhapokha munthu akaima pachulu cha kuseri kwa khola. Anakwera pachulupo, mphepo ya chiperoni ikuwalowa m'malaya. Anayamba ndi kuchipatala. Anawayankha mwaulemu kuti nyengo yozizira ino makina onse ali ndi ana a chibayo, ndipo akabwera nawo mayiwo adikira pamzere. Kenako anaimba nambala yomwe inamatidwa pambali pa makina aja. Anayankha mayi wina dzina lake Patricia, wokonza makinawo ku kampani imene inawagulitsa.

"Bambo, ine ndili ku Mzimba ndi makina ena. Kwanuko ndingafike Lachiwiri."

"Lachiwiri mudzapeza anthu atakhala pamphasa, mayi."

Kenako Patricia anafunsa:

"Kodi pafupi pali munthu wodziwa zamagetsi?"

"Ndine ndemwe. Ndinakonza matelefoni a waya zaka makumi atatu."

"Ndiye mupeze zinthu ziwiri. Mita yoyezera magetsi, ndi intaneti yoti ndizikuonani pa kanema muli pamakinapo. Sindingakutsogolereni ndi mawu okha, mukalakwitsa waya mmodzi muwotcha zonse. Mukakonzeka mundiimbire, ndisiya chilichonse."

Mita anali nayo. Inali m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, yokulungidwa m'chitenje chakale: chinthu chakuda, cholemera ngati njerwa, chokhala ndi chogwirira chachikopa ndi singano yopyapyala kuseri kwa galasi. Anawapatsa akuyamba ntchito mu 1979, ndipo popuma pantchito palibe amene anaifunsa, poti anyamata onse anali atayamba kale kugwiritsa ntchito zamanambala. Anaiika pamawondo, anazunguliza chikono chake, n'kugunditsa nsonga za mawaya ake awiri. Mita ikakhala yamoyo, singano imathamangira kumapeto. Iyi inangonjenjemera pang'ono, n'kuima.

Anamasula zomangira zinayi ndi mpeni. Fungo lowawasa linawapeza asanatsegule n'komwe. Batire lomwe analiiwala m'katimo zaka zitatu zapitazo linali litaphulika n'kusanza ufa wobiriwira paliponse. Kachitsulo kogwira batire kanali katadyeka mpaka kuthothoka, ndipo kawaya kopota konga tsitsi, kamene kamabweza singano, kanali katapiringizana.

"Yafa?" anafunsa a Esinati.

"Yangodwala," anatero a Goliati.

Anaitana Falesi, mng'ono wawo wa a Esinati amene ankakhala nyumba yachitatu, kuti adzakhale ndi wodwala. Iwo anakwera kabaza kupita ku Namadzi.

Pamsika anafikira kwa Che Luqman, mnzawo wa pabawo kuyambira unyamata, amene anali ndi sitolo ya zipangizo za njinga. Che Luqman anamva nkhaniyo theka lokha, anatenga loko n'kutseka sitolo makasitomala awiri ali pakhomo.

Anayamba kufunafuna mita yatsopano. Wokonza mafoni pansi pa ambulera anali nayo, koma galasi lake linali lakuda bii. Pa benchi ina anapeza kachikasu kokongola m'pepala lake. A Goliati anakayesa pa batire limodzi katatu, ndipo kanapereka manambala atatu osiyana. Anakabweza. Moyo wa mkazi wawo sakanauika m'manja mwa kanthu konama chotero. Anangogula mabatire, ndimu ziwiri ndi mswachi.

Za intaneti ndiye zinawazunguza mutu. Ndalama zomwe Lidiya anatumiza m'mawawo zinali zokwana rauta imodzi basi, kabokosi kokokera intaneti, ndipo ogulitsa onse ananeneratu kuti bokosi likatsegulidwa silibwerera. Mtsikana wa kampani ya Liwiro, amene anali ndi zokuzira mawu ndi gulu la anthu patebulo pake, analumbira kuti netiweki yawo imafika ngakhale kudzenje la nyerere. Bambo wa kampani ya Nyenyezi, amene anali yekhayekha akusenda chinangwa, anati yawo ndiye ya anthu akumudzi. Wachitatu anawaonetsa chithunzi cha kambale koloza kumwamba, kosasamala phiri kapena chigwa, koma anati n'kochita kuitanitsa ndipo kamafika pakatha milungu iwiri.

A Goliati anaima pakati pa msewu, maminibasi akuwaimbira mahutala. Anaona ngati akumva silinda ija ikutha ali pompo.

"Achimwene, wogulitsa sanena kuti nsomba yanga yaola," anatero Che Luqman. "Tiyeni tikafunse a kabaza. Iwowa ndiwo amadziwa pamene foni imafera."

Pansi pa mtengo wa m'bawa a kabaza anasandutsa funsolo mkangano. Ambiri anali a Liwiro. Ankati Nyenyezi ndi nkhalamba, uthenga ukautumiza m'mawa umafika anthu akudya chamasana. Koma bambo wina wa imvi, amene ankapopa tayala osalowa nawo mkanganowo, anadzutsa mutu.

"Kwanu ndi kuchigwa kuja, kupitirira mjigo? Liwiro imathera pamlatho. Ndikamatsika ndi munthu akuyankhula pafoni, pamlatho pomwepo amayamba halo, halo. Nyenyezi ndi yaulesi, koma imatsika nawe."

"Kukagwa mvula imagona imeneyo!" anakuwa wina.

"Nsanja zawo zili kuti?" anafunsa a Goliati.

Ya Liwiro inali pompo pa Namadzi, aliyense anailoza. Pakati pa nsanjayo ndi nyumba ya a Goliati panali chitunda chachikulu. Ya Nyenyezi anati ili cha ku Magomero. A Goliati anakumbukira kanyali kofiira ka pansanja komwe ankakaona patali mbali imeneyo akakwera padenga kukakhoma malata. Anabwerera kwa bambo wa chinangwa uja n'kugula rauta yake, mtsikana wa Liwiro akuwayang'ana ngati munthu wotaya ndalama m'chimbudzi.

Anafika kunyumba pa njinga yamoto ya Che Luqman dzuwa litapendeka. Analumikiza rauta pabalaza. Kanyali ka magetsi kanayaka, koma tinyali tinayi ta netiweki tinakhala tozima. Anaiika pazenera, palibe. Pakhonde, palibe. Pamwamba pa chitseko, palibe. A Goliati anakhala pansi pakhonde, rauta ili m'manja.

"Ndasankha molakwa, Che Luqman. Mayi a Lidiya ndawapha ndine."

"Simunaphe munthu. Mwati nsanja mumaionera padenga? Ndiye tikweze kanthuka kafike padenga."

Anadula nsungwi yaitali kudambo. Rauta anailowetsa m'chigubu chodula kuti isanyowe, anaimangirira kunsonga ndi mphira, n'kulumikiza mawaya awiri a magetsi kuti afike. Ataimika nsungwiyo pakona ya nyumba, Che Luqman ankaizunguliza pang'onopang'ono pamene a Goliati ankayang'ana pafoni. Pamalo amodzi okha, kukula kwake ngati chikhatho, uthenga unalowa. Kuisuntha pang'ono, unkathawa. Anaimanga kumtanda wa denga, koma mphepo inkaipotoza. Panalibe kuchitira mwina, pankafunika munthu woigwira.

Kuwala kunali kutatha, ndipo maso a a Goliati sakanatha kuona tizinthu ta m'mita ndi nyali. Anadikira kuti kuche.

Lachisanu m'mawa singano ya pasilinda inali itatsala pang'ono kulowa pofiira. A Goliati anakokera tebulo pazenera la kuchipinda. Anafinyira ndimu pa mswachi n'kukwecha ufa wobiriwira uja mpaka mkuwa unaoneka. Anadula kachitsulo m'tochi yakale, anakapinda, n'kukawotcherera pamalo pa kothothoka kaja. Anapeza waya wina wodyeka, anaulumikiza. Izi manja awo ankazidziwa okha ngakhale ankanjenjemera.

Pa kawaya kopota paja ndi pamene anagwira njakata. Kankafunika kukakola ndi nsonga yopyapyala n'kukamasula mzere umodzi umodzi osakapinda. Anayesa ndi phini. Dzanja linagwedezeka, phini inalowa pena, kawayako kanapiringizana kuposa kale. Anayesanso atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere. Chimodzimodzi. Thukuta linagwera pagalasi ngakhale kunali kozizira. Anadziwa kuti akayesa kachitatu akadula, ndipo kena kotero kulibe kokagula.

"Bweretsani kuno," anatero a Esinati.

"Inu gonani."

"Bambo a Lidiya. Bweretsani."

Anatuma Falesi kuti atenge singano yosokera m'kachitini ka ulusi. A Goliati anaika mita pa pilo, pamiyendo ya akazi awo, n'kugwada pambali pa bedi atagwira galasi lokuzira. Zala za a Esinati zinali zoonda, zikhadabo zotuwa, koma sizinkagwedezeka. Zinali zala zozolowera kusiyanitsa tsamba ndi tsamba osaling'amba.

"Kumanzere pang'ono," ananong'ona a Goliati. "Mzere wapamwambawo. Muukweze, musaukoke."

Kuti dzanja likhazikike, a Esinati ankagwira mpweya, chinthu chomwe analibe. Ankakola mzere umodzi, kenako n'kugwera chagada, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati cha nkhuku yothamangitsidwa. A Goliati anawachonderera kawiri kuti asiye. Iwo anangopukusa mutu. Pa mzere wachinayi kawayako kanadumpha kokha n'kukhala bwinobwino m'malo mwake.

A Goliati anaika mabatire, anagunditsa nsonga ziwiri zija. Singano inathamanga mpaka kumapeto, n'kubwerera mwakachetechete atazisiyanitsa. Anaiyesa pa batire latsopano katatu. Katatu konse inaima pamalo amodzi.

Che Luqman anali atafika kale. Anakaima pakona ya nyumba atakumbatira nsungwi, mvula yamawawa ikuwanyowetsa chipewa. Falesi anagwira foni. Nkhope ya Patricia inaoneka, inauma, inasweka, kenako inakhazikika.

"Ndikukuonani, bambo. Zulani kaye kumagetsi. Tsegulani kumbuyo."

Anayamba ndi fuzi. Inali yamoyo. Anayeza switchi, anayeza mawaya olowa, onse anali bwino. Chithunzi chinkati chikauma, Falesi ankakuwira pazenera, Che Luqman n'kuzunguliza nsungwi mpaka chibwerere. Mphindi iliyonse yotayika a Goliati ankacheukira silinda. Cha m'ma thwelofu mawu oitanira anthu ku swala anamveka kuchokera ku mzikiti wa patsidya. A Goliati anasuzumira pazenera.

"Pitani, Che Luqman. Lero ndi Lachisanu."

"Mulungu akuona pamene ndaima. Yezani zanuzo."

"Tsopano onani kachitini kasiliva pambali pa injiniyo," anatero Patricia. "Ndi kapasita. Ndi kamene kamakankha injini kuti idzuke. Gunditsani kaye miyendo yake iwiri ndi chitsulo kuti katulutse moto wotsalira. Eya. Chotsani mawaya, muyeze. Kakakhala kamoyo singano idumpha kenako ibwerera pang'onopang'ono."

Asanachotse, a Goliati anajambula pachikuto cha buku la nyimbo waya uliwonse ndi pamene unali. Kenako anakhudza miyendo iwiri ija. Singano sinasunthe.

"Ndiye kafa," anatero Patricia.

"Kapena mita yanga ndi imene yanama. Taikonza lero lomwe, mayi."

"Muli ndi fani m'nyumbamo?"

Inalipo, yakale, pamwamba pa kabati. Anaiphwasula mofulumira, anapeza kapasita kake kakang'ono, anakayeza. Singano inadumpha, n'kubwerera pang'onopang'ono. Mita sinali kunama.

"Ka faniko n'kochepa kwambiri, musakaike," anatero Patricia. "Koyenera mukapeza ku Limbe, mwina."

Ku Limbe, kupita, kufunafuna ndi kubwera, dzuwa likanalowa. Singano ya pasilinda inali pakati pa pofiira. A Goliati anatsamira khoma. M'mutu mwawo munabwera pampu yamagetsi yomwe Che Luqman ankathirira tomato kudimba kwawo, pampu yomwe iwo omwe anaitsegulapo chaka chatha. Pamsana pake panali kachitini kofanana. Koma tomato uja ndiye ankadyetsa banja la anthu asanu ndi atatu, ndipo pakamwa pawo panakana kutseguka.

"Achimwene!" anakuwa Che Luqman kunja. "Kachitiniko si konga ka pa pampu yanga?"

"Nambala yake ndi chiyani?" anafunsa Patricia.

"Twente-faifi, ngati sindikuiwala," anatero a Goliati. "Kakufaka n'ka twente."

Patricia anapukuta kumaso ndi dzanja. "Kampani singandilole kunena kuti kaikeni. Injini izitentha. Koma kufikira Lachiwiri, mukamaipumitsa pang'ono..."

Sanamalize. Che Luqman anali atasiya nsungwi n'kuliza njinga yamoto. Falesi anathamanga kukaigwira, koma mphepo inali itaipotoza kale, ndipo ngakhale anazunguliza mbali zonse, pamalo paja sanapapezenso. Foni inangoti ikulumikiza, ikulumikiza.

Silinda inatha Che Luqman asanabwere. Kampira ka m'galasi kamene kamayandama mpweya ukamadutsa kanatsika pang'onopang'ono n'kukhala pansi. A Goliati anatsegula mpaka kumapeto, anaigwedeza, anaipendeketsa. Palibe chinatuluka. Anatsegula mazenera onse, anakhazika a Esinati tsonga, anakhala kumbuyo kwawo kuti awatsamire. Falesi ankakupiza ndi chivundikiro cha ndowa, misozi ikuyenderera.

"Pumani ndi ine, mayi a Lidiya. Kokani. Tulutsani. Musafulumire."

Milomo ya a Esinati inayamba kuda. Anagwira dzanja la amuna awo, zikhadabo zikulowa m'khungu, kenako kugwirako kunayamba kufooka. A Goliati anayamba pemphero koma mawu ake anawasokonekera, anangotsala akubwereza kuti kokani, tulutsani. Khutu lina linali kumsewu. Inadutsa njinga yamoto ina, inapitirira. Inadutsanso ina.

Yachitatu inaima. Che Luqman analowa ndi nsapato zamatope mpaka kuchipinda, kachitini kali m'manja, chala chikuchucha magazi pomwe anadzicheka pochotsa.

Falesi analowa m'malo mwa a Goliati pabedi. Iwo anagwada pamakina. Anayeza kachitini katsopano, singano inadumpha. Anayang'ana chojambula chawo pa buku la nyimbo. Waya woyamba unalowa. Wachiwiri unali ndi kapanira kothina kosalowa pamwendo wa kachitini ka pampu. Anakatanula ndi mpeni, mpeni unaterereka, anayesanso. Kanalowa. Sanavutike n'kutseka kumbuyo. Analumikiza kumagetsi n'kudina.

Makina anang'ung'uza, anagwedezeka ngati akufuna kukana, kenako injini inagwira. Kampira ka pamakina kanakwera. A Goliati anasamutsa chubu ndi manja onse awiri.

Patapita nthawi yaitali mapewa a a Esinati anasiya kukwera mpaka m'makutu. Milomo inabwerera mtundu pang'ono, osati wonse. Kanyali ka pamakina sikanayake kobiriwira monga kale, kanayaka kachikasu.

A Goliati anakwera pachulu n'kuimbira Patricia pafoni wamba. Iye anati chikasu chikutanthauza kuti mpweya ukutuluka koma ndi wofooka, zosefera za m'kati zatopa, abwera nazo Lachiwiri. Anati aziika dzanja pa injini pafupipafupi, ikatentha moti dzanja silingakhalepo aizimitse mphindi zisanu, ndipo milomo ikadanso asadikire, apite nawo kuchipatala ngakhale kukagona pakhonde. Mawa apite ndi silinda ikadzazidwe.

Anatsika pachulupo. Anakhala pansi kuseri kwa khola, pamatope pomwepo, n'kulira mosatulutsa mawu kuti a m'nyumba asamve. Che Luqman anawapeza pamenepo, anakhala pambali pawo akumanga chala chawo ndi kansalu.

"Tomato wanu uja," anatero a Goliati pamapeto pake.

"Kuli makheni othirira. Makolo athu ankathirira ndi pampu?"

Anadzuka onse awiri. Che Luqman anapita kukafuna mawaya oti amangire nsungwi ija mbali zitatu kuti isamafunenso munthu woigwira. A Goliati analowa m'nyumba, anasamba m'manja, anakoka mpando kufupi ndi makina, n'kuika chikhatho pa injini. Inali yofunda kale.